Anati akuyeza oyilo, galimoto yanga n'kukanyamula akwati

Galimoto yanga ndinaisiya kugalaja kuti aone chifukwa chake ikumwa oyilo. Sindinaisiye kuti ikanyamule akwati. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, ndiye mundipirire.

Ndi kagalimoto kakang'ono ka ku Japan, ndinagula kwa mnzanga wakuntchito katayenda kale. Mwezi watha kanayamba kutulutsa utsi wabuluu ndikaliza m'mawa, komanso ndikamatsika mtunda wa kwathu ku Chilomoni. Pansi osadontha kanthu, koma sabata iliyonse ndimathira lita yathunthu.

Ndinkafuna kakhale bwino chifukwa cha mayi anga. Ali ndi ng'ala maso onse awiri, ndipo tinadikira miyezi isanu ndi iwiri kuti apatsidwe tsiku la opaleshoni. Akuchipatala anatiuza kuti akhale atagonekedwa Lamulungu isanakwane 4 koloko masana. Amakhala kumudzi kuseri kwa Nchalo, kutali ndi tala, ndipo ndi chiuno chawo chopweteka njinga yakabaza sangakwere.

Lachitatu 7:30 m'mawa ndinafika pagalaja ina ku Zingwangwa. Mwiniwake anthu amangomuti a Injiniya. Anaika dzanja kupaipi ya utsi, n'kulinunkhiza, basi.

"Maring'i a m'injini awa madamu. Atha."

Ndinawauza kuti alamu anga, amene amayendetsa thiraki, anati utsi wa m'mawa nthawi zambiri umachokera ku timalabala ta mavalavu, ndipo asanatsegule injini ayambe aona mapulagi ndi kuyeza mphamvu ya masilinda. Anaseka.

"Aaa madamu, alamu anuwo aziyendetsa thiraki, ife tizikonza. Isiyeni tiiyendetseko pang'ono, tione kuti ikumwa bwanji. Lachisanu mudzaitenga."

Anazula kachitsulo koyezera oyilo, n'kulembapo kamzere ndi msomali ine ndikuona. Ndinati koma awa ndi akatswiri. Ndinawafotokozeranso za mayi anga kawiri konse. Anati, "Mayi anu ndi mayi athu." Kupusa kwanga, ndinathokoza.

Lachisanu 4 koloko ndinaimba. Akuti tikuyezabe. Mukuyezabe chiyani masiku atatu? Ndi mimba?

Loweruka 2:15 masana mnzanga wa kukwaya ananditumizira kavidiyo, akufunsa kuti bwanji sindinamuitane kuukwati. Mdipiti wa magalimoto ukuzungulira paraundabauti ya Kameza, mahutala ali pii pii. Yachitatu pamzerewo ndi yanga. Maliboni apinki, mabaluni, atsikana operekeza akwati atatulutsa mitu pawindo. Kolona yanga ikulendewera pagalasi. Kumbuyo utsi uli tolotolo, moti amene amajambulayo akumveka akutsokomola.

Ndinawaimbira a Injiniya maulendo khumi ndi anayi. Foni yozima.

Lamulungu sindinapite ndi kutchalitchi komwe. 6 koloko ndinali pageti la galaja, lotseka ndi loko. Ndinafunsira kunyumba kwawo. Akazi awo anandilandira bwinobwino, mpando anandipatsa, n'kunena kuti bambo aperekeza achibale a mkwati ku Thyolo, abwera posachedwa. Anandifunsanso ngati ndingamwe tiyi. Tiyi!

11:40 a Injiniya anaimba okha.

"Madamu, musakwiye. Tili pa Bvumbwe. Injini yanoka."

Ndinafunsa kuti kunoka n'kutani. Akuti yauma, yagwirana m'kati, singazungulirenso. Ndinafunsa ngati anayang'anako kamzere kawo kaja chichokereni Lachitatu. Nanga kanyali kofiira ka oyilo sikanayake? Akuti kamayaka n'kuzima, ndiye amayesa ndi waya chabe. Makaniko wathunthu ameneyo. Akuti anakweza anthu asanu ndi awiri, thumba la chimanga ndi mbuzi ya mphatso m'kagalimoto koti ine ndimakamvera chisoni ndikanyamula ana atatu.

Kenako anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala: "Komabe vuto talipeza madamu. Imamwadi oyilo."

Ndinathamanga uku ndi uku kusaka galimoto ina. Lamulungu, aliyense ali kutchalitchi kapena kumaliro. Ndinaipeza 1:30. Kutsika Chikwawa, kulowa msewu wafumbi, ndinawapeza mayi atakhala pakhonde chisambire m'mawa, chikwama pamiyendo, atavala chitenje chawo cha Amayi Achikatolika. Tinafika kuchipatala 6:50. Anamwino sindikuwadandaula, anatilankhula mwaulemu. Bedi anali atapatsa wina. Tsiku lina akuti tidzamva, mwina chaka chamawa.

Potuluka mayi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Usalire mwanawe, mdimawu ndauzolowera." Ndinalira pomwepo, pamaso pa alonda.

A Injiniya, ndikudziwa kuti izi zikufikani, akazi anu tili nawo pagulu limodzi la pafoni. Injini mundibwezera, zimenezo tikakambirana kupolisi. Koma pali china chimene sindichita m'malo mwanu. Mayi anga ali kuno ku Chilomoni, akuyenda chogwira khoma kuti apeze chimbudzi. Munati ndi mayi anu. Bwerani mudzakhale pansi patsogolo pawo, muwauze ndi pakamwa panu kuti tsiku lawo loti aonenso linapita kuti.

Enanu, makaniko akati aiyendetseko kuti aone mmene ikumwera, lowani momwemo mukhale pampando wakutsogolo. Akakana, tengani makiyi anu muzipita.