Yesu wogona pa sofa

Chaka chimene ndinasiya yunivesite ndinkagona pa sofa kwa azakhali anga ku Thamesmead, kudziko la azungu. Anali atandiuza kale kuti Pasaka ikadutsa ndipeze kwina kokhala. Kwinako kunalibe.

Ndiye kutchalitchi kwawo ku Peckham anakonza sewero la Njira ya Mtanda, wosewera Yesu n'kusowa. Anyamata onse anali pantchito. Wopanda chochita, woonda, wosameta ndevu, ndinali ine. Ndinavomera, koma osati chifukwa cha chikhulupiriro. Ndinkaganiza kuti munthu sangapirikitse Yesu m'nyumba mwake.

Azakhali anatenga mbali ya Maria. Loweruka lina anandikokera m'tauni, kunyumba yosungiramo zithunzi zakalekale zojambula pamanja, ati ndikaphunzire kuvutika. Tinayenda chipinda ndi chipinda. Yesu akukwapulidwa, Yesu atavekedwa minga, Yesu nthiti zili pamtunda, magazi akutsika mwadongosolo ngati wina anachita kuwayeza ndi rula. Onse azungu, onse osalala khungu. Ngakhale akufawo anali okongola kuposa ine wamoyo.

"Taona khosi mmene lagwera," anatero azakhali. "Iwe ukapendeka umangooneka ngati ukusinza m'basi."

"Ameneyutu wafa, azakhali."

"Wafa, koma sanathawe. Anapirira mpaka mapeto. Ena chaka chachiwiri chomwechi, basi atopa."

Chimene ndinaona n'choti m'zithunzi zonsezo wovutikayo ali ndi anthu omuyang'ana, ena akulira, ena atagwada. Miyezi ija ndinkalephera kudzuka pabedi kuyunivesite, chakudya osachifuna, palibe anabwera kudzandiona. Kuvutika kopanda magazi sikujambulidwa. Kwathu timangoti ulesi.

Azakhali anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha Maria atafukata mtembo wa mwana wake. Ankayeserera ndi manja mmene agwirire mutu wanga.

Lachisanu Loyera kunazizira, mvula ikuwaza. Anandimangirira pamtanda poimika magalimoto kuseri kwa tchalitchi, nditangokulunga nsalu yoyera m'chiuno, m'nthiti atandipaka sosi wa tomato. Mano ankagundana. Azimayi a mutchalitchi analira zenizeni. Atanditsitsa, azakhali anandifukata pamiyendo monga pachithunzi paja, misozi yawo yotentha ikudonthera pachifuwa panga. "Mwana wanga, mwana wanga!" Chibadwire anali asanandigwirepo choncho. Ndinatsinzina, mumtima n'kumati basi, m'nyumba mwawo sindichokanso.

M'basi pobwerera anandipatsa tishu kuti ndipukute sosi kukhutu.

"Wasewera bwino. Anthu akhudzidwa."

"Zikomo, azakhali. Nanga za malo zija?"

"Zatani? Tinapangana kale. Pasaka ndi mkuja."

"Si inu mumalira pompano?"

"Ndimalirira Ambuye, osati iwe."

Lolemba ndinali pasiteji ya basi ndi zikwama zanga, ndikuimbira foni anthu amene sindinalankhule nawo chisiyire sukulu.