Maso pansi

Amayi anga sakudziwa kuti mwana wanga wamwamuna ndikumuphunzitsa kuyang'ana akuluakulu m'maso. Ndimachita mobisa, ndikamamusambitsa, chitseko nditatseka.

Zinayamba sabata yatha nditapita kukamulembetsa sukulu kuno ku Braunstone, ku England. Nditangolowa, fungo la mankhwala okolopera linandichingamira. Fungo lomweli linali mu ofesi ya ahedi tsiku limene anaitanitsa amayi pa nkhani ya achimwene anga, ndili mwana, titangofika kumene kuchokera ku Zomba. Ine ananditenga poti panalibe wondisiya naye.

Achimwene anali atakankhana ndi mnzawo wachizungu pamzere wa chakudya. Mnzawoyo anali atabwerera kale m'kalasi. Achimwene anaima manja kumbuyo, maso pansi, monga tinaleredwera. Ine ndikatero, aphunzitsi ankati ndine mwana wofatsa. Achimwene akatero, ankati ndi mwano, mpaka anawatsitsira m'gulu la ana osakhoza, munthu woti kumudzi ankakhala nambala wani.

"Ndiyang'ane ndikamalankhula!" anakalipa ahediwo m'Chingerezi.

Achimwene anayamba kudzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Iwe, usayerekeze," amayi ananong'ona. "Ndi akulu awa."

Mutu uja unangoima pakati, osakwera, osatsika. Thukuta linkatsikira m'kolala ya shati yoyera imene amayi anasita m'mawa womwewo. Ahedi anapukusa mutu, n'kukoka pepala lowaimitsira sukulu.

Inu amene mukulera anyamata kuno, tandiuzeni, ndikulakwa kodi?