Minibasi ya Waya ya Gerald Chisanga

Galimotoyo anaiika patebulo ngati umboni wa mlandu. Inali ya waya, matayala ake a zitini za polishi. Anaiikapo ndi a Amock, amalume ake a Towela. Mwini galimotoyo, Gerald Chisanga, mwamuna wa Towela, anangokhala pampando, dzanja lamanja atalibisa m'thumba la jekete.

Inu amene mwatsala pang'ono kugonja, mverani izi.

Gerald anali dalaivala wa minibasi ku Lusaka, njira ya Chelstone kupita m'tauni. Tsiku lina lole inamuwomba pamphambano. Anapulumuka. Koma zala za kumanja zinapindika, osatambasukanso. Ntchito inathera pomwepo. Mkazi wake Towela ndiye anayamba kudyetsa iye ndi mwana wawo, akuchapa ndi kusita panyumba ina ku Woodlands. Gerald ankatsala kunyumba ku Kabwata. Ankatola mawaya n'kumapinda. Akamaliza ankatuluka mumsewu, bambo wandevu zake, akukankha galimoto ya ana, pakamwa akuliza injini.

Anthu anaseka. Nkhani inafika kuchikazi.

"Ba Gerald, ichi ni chani?" anafunsa a Amock, akuloza galimoto ija patebulo.

"Ni minibasi, amalume."

"Tinakupasani mwana wathu kuti mumusunge. Manje imwe muzunguluka Kabwata yonse, vuum vuum. Ku chalichi batiseka. Mwezi uno ukasila, ngati palibe vamene vachinja, Towela na mwana babwelela kwathu ku Libala."

Gerald anayang'ana mkazi wake. Towela anayang'ana pansi. Kuyang'ana pansi kumeneko kunamupweteka kuposa lole ija.

Akanatha kutaya mawayawo. Sanataye. Ankadziwa chinthu chimodzi: akagwira waya, zala zija zinkawawa. Poyamba sizinkamva kanthu n'komwe. Kuwawa kunali nkhani yabwino.

Anapitiriza. Waya wopindika ankaukulunga pamtengo wa mpanda n'kuukoka mpaka uwongoke. Pomwe zala zakana, ankapanira ndi bondo. Pena ndi mano. Magazi ankatuluka. Ankamanga kansanza, n'kuyambanso. Anapanga minibasi ya chitseko chotsetsereka. Anapanga lole. Anapanga basi yaitali ya ku Chipata, katundu pamwamba.

Loweruka lomaliza la mweziwo kunali msika wa zopangapanga pabwalo la tchalitchi china ku Kabulonga. Anapempha kamalo kumapeto, pafupi ndi geti. Anayala thumba, n'kundandalika magalimoto ake. Anali atalumbira mumtima kuti lero sasewera pamaso pa anthu. Akhala ngati munthu wamkulu. Dzanja m'thumba.

Anthu ankadutsa. Ena ankaponyako diso. Palibe anaima.

Dzuwa lili paliwombo, a Amock anatulukira pageti, Towela ali pambuyo. Chikwama cha Towela chinali chitamangidwa kale kunyumba. Mkuluyo anayang'ana magalimoto aja, onse ali pomwe anaikidwa m'mawa.

"Waona, Towela? Tiye."

Galimoto ya waya ili ndi khalidwe lake. Ikaima, ndi zitsulo chabe. Moyo wake uli poyenda. Gerald ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Koma kuiyendetsa pamaso pa amalume ndiwo unali mlandu womwe uja.

Towela anali atatembenuka kale.

Gerald anatulutsa dzanja. Anagwira chiwongolero chachitali cha minibasi ija. Anaimirira.

"Chelstone! Chelstone! Umozi chabe, tiyende!"

Analiza injini pakamwa. Minibasi inanyamuka. Inakhota pakati pa miyendo ya anthu, matayala akutsogolo akutembenuka ngati a yeniyeni. Inaima, chitseko n'kutsetsereka. Inabwerera cham'mbuyo.

Bambo wina wa imvi, makiyi a galimoto ali m'manja, anaima chilili.

"Mudala, ikhota zoona? Nipaseniko niyese."

Anayesa. Asanapite patali, naye milomo inayamba kulira. Mkazi wa bamboyo anagwira nthiti ndi kuseka. Wina wa taye anatola lole. Wina anakanganirana basi ya ku Chipata ndi mnzake. Amuna akuluakulu, fumbi kobo.

"Misala yakula," anatero a Amock. "Towela, nakamba kuti tiye."

Koma Towela sankayang'ana magalimoto. Ankayang'ana dzanja. Anayandikira, n'kuligwira. Zipsera zokhazokha.

"Ba Gerald, finyani."

Gerald anafinya.

"Ayi! Mwanipweteka!" Anaseka, misozi ikutsika. Kuyambira tsiku la ngozi dzanja limenelo linali lisanamugwirepo. Anatembenuka. "Amalume, pitani bwino. Ine nibwelela ku Kabwata na bamuna banga."

Lero Gerald ali ndi kashedi kake kopangiramo magalimoto a waya ku Kabwata komweko. Maoda amachokera ku Woodlands, ku Longacres, ngakhale kunja kwa Lusaka. A Amock mpaka pano amapukusa mutu. Zilibe kanthu. Galimoto iliyonse yatsopano, isanapite kwa mwini wake, Gerald amayamba waiyendetsa mumsewu. Injini pakamwa. Towela amaima pageti n'kumakuwa kuti achepetse liwiro.

Mwina nanunso muli ndi kanthu kamene mumakabisa m'thumba poopa kusekedwa. Oseka adzaseka ndithu. Sadzakuwongolerani chala ngakhale chimodzi. Katulutseni. Kakawawa, pitirizani. Osataya mtima, ndipo waya wanuyo musautaye.