Geti la Achimwene

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chinapserera chisanabereke kwathu kwa Kanduku. Ndinali nditaphunzira kuwotcherera zitsulo pa boma, koma ntchito yake inali ya mbaula ndi mafelemu a mawindo, lero yapezeka, milungu iwiri zii. Mkazi wanga Esinati sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Ana awiriwa mukundisiyira ndi chiyani?" Anandiyankhira ndi achimwene anga a Daisoni, amene anali mlonda pamalo ena oimikapo mathiraki kufupi ndi boda. "Pita, mphwanga, ukayese," anatero.

Ku Joni ndinayamba ndi kukumba ngalande, mpaka bwana wina wa kampani yaying'ono yoika mageti otseguka okha anaona kuti ndimadziwa chitsulo. Iye ankalumikiza mawaya, ine ndinkakonza poika makinawo. Pageti lotere pamakhala kachipangizo ka mabatani kapena kowerenga khadi, ndipo kamafuna bokosi lokatchinjiriza ndi mzati woimikapo. Ndinaphunzira kuti bokosi la pulasitiki yotchipa limang'aluka ndi dzuwa, ndipo lachitsulo wamba limadyedwa ndi dzimbiri. Lopanda kadenga limamwa mvula, lopanda labala m'mphepete mumalowa nyerere n'kupsereza zonse. Mzati uyenera kupinda khosi kuti ufike pawindo la galimoto, koma phazi lake likhale patali ndi matayala. Patapita zaka ziwiri bwana anasiya kundiuza. Ankangondisiya pageti n'kunena kuti, "Ona wekha chofunika pano."

Ndinaika mabokosi ambirimbiri pamakomo amene sindinalowepo. Ndikamaliza, mwini nyumba ankayesa batani, geti n'kutseguka, iye n'kulowa, ine n'kutsala panja ndi zida zanga. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anyamata atatu a ku Zimbabwe. Lamlungu ndinkaimbira Esinati. Miyezi ina ndinkatumiza ndalama, ina ayi, chifukwa lendi, thiransipoti ndi apolisi ofunsa mapepala zinkadya zonse. Ndikapepesa, iye ankangoti, "Musadandaule, tikudya." Sindinafunsepo kuti akudya za ndani. Ndinkaopa yankho lake.

Chaka chachisanu ndi chiwiri zinthu zinavuta. Anthu anayamba kuyendera makampani kufunsa za alendo ochokera m'maiko ena, ndipo bwana anandiitana m'mawa wina. "Ndiwe wabwino pa ntchito, koma sindingathe kukusunga," anatero, maso ali pansi. Ndinakwera basi ndi chikwama chimodzi, levulo ndi tepi yoyezera.

Kunyumba ndinapeza mwana woyamba ali ku sekondale, wachiwiri akundipatsa moni ngati mlendo. Ndinayenda m'maofesi ndi m'mashopu a pa boma kufotokoza ntchito yanga. Ena ankaseka. "Geti lotseguka lokha, magetsi ake ati?" Miyezi isanu ndinakhala ndikudya za mkazi wanga, amene ankagulitsa mtedza ndi tomato.

Kenako achimwene anabwera ndi nkhani. Bwana wawo, mwini malo a mathiraki aja, anagula makina ku Blantyre oti madalaivala azilowa ndi khadi, oyendera sola ndi batire, koma analibe munthu wodziwa kuwaika. "Ndawauza kuti mphwanga ndi katswiri," anatero monyadira. Ndinawayang'ana. Zaka khumi ndi zinayi iwo ndi amene ankakweza ndi kutsitsa chitsulo cha pageti limenelo.

"Achimwene, mukudziwa kuti makinawa akayamba, inu..."

"Ndikudziwa. Ukakana iwe, abweretsa wina wa ku Blantyre. Makina agulidwa kale."

Tsiku lomwelo Esinati anandiuza zimene anandibisira. Miyezi yonse imene sindinatumize, chimanga chinkachokera kwa a Daisoni. Mwana atadwala malungo, iwo ndi amene anamunyamula panjinga kutsika mapiri onse aja kupita kuchipatala. Yunifolomu ya sekondale anagula ndi iwo. Anamuletsa Esinati kundiuza, ati ndisasokonezeke pa ntchito.

Ndinapita kukaona malowo. Mathiraki a ku Tete ankalowa akutulutsa fumbi lofiira, dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo. Ndinauza bwanayo kuti pakufunika bokosi lachitsulo chosachita dzimbiri, la kadenga ndi loko, komanso mzati wa mitu iwiri, wam'mwamba wa mathiraki ndi wam'munsi wa magalimoto ang'onoang'ono. Ndinawonjeza zimene sanandifunse. Ndinati makina amafa, batire limatha, pageti pasasowe munthu.

"Zoona," anatero. "Alonda ndili nawo atatu. Nditsala ndi mmodzi, wachinyamatayo, amadziwa foni."

Ndinachonderera kuti asawachotse achimwene. Ndinati andichotsere pa malipiro anga. Iye anati nkhani si ya mwezi umodzi, ndipo anayankha foni n'kuchokapo.

Ndinaganiza zoika ntchito yabodza, bokosi lolowa fumbi, kuti pakatha miyezi iwiri makina afe. Ndinkadziwa bwino mmene ndikanachitira. Achimwene anaona ndikutembenuza bokosi la pulasitiki m'manja, ndipo anamvetsa. "Usandichititse manyazi. Dzina ndapereka ndi langa," anatero.

Dzenje tinakumba limodzi. Iwo anagwira mzati, ine ndikuyang'ana levulo ndi kuthira konkire. Dalaivala wina anatulutsa mutu pawindo n'kufuula, "Bambo Daisoni, mwayamba zomangamanga?" Iwo anaseka n'kumukwezera chitsulo, monga mwa masiku onse. Mzati unaima bwino kuposa yonse imene ndinaimika ku Joni. Mwezi utatha, achimwene anabweza yunifolomu ndi tochi.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaganiza kuti banja langa likudalira ine, wa ku Joni. Koma linkadalira mkono wa munthu wokweza chitsulo pafumbi, ndipo luso limene ndinabwera nalo ndi limene linamuchotsa. Ntchito ina yotere sinapezekenso kuno. Ndinabwerera ku mbaula ndi mawindo, ndipo ndikapeza kangachepe ndimagawana ndi alamu anga, akazi a achimwene, ngakhale sikafika patali.

Achimwene tsopano amawotcha makala. Sabata yatha ndinakumana nawo pachitunda cholowera ku boma, akukankha njinga ya matumba atatu, malaya atanyowa ndi thukuta. Ndinagwira kumbuyo tikankhe limodzi. Titafika pamwamba anaima, akupuma movutikira, n'kupukuta kumaso.

"Geti lija likugwira bwino?" anafunsa.

"Likugwira, achimwene."

"Ndiye bwino," anatero, n'kugwiranso mahandulo.