Maliro opanda mtembo ku Area 10

Ntchito yanga pa kachipatala ka ku Old Town inali yosaka amuna a eni. Munthu akapezeka ndi kachilombo ka HIV nkumaopa kuuza mnzake wogona naye, ndinkapita ndine kukamukopa kuti akayezetse, osatchula amene wandituma. Tsiku limeneli ndinkasaka a Lekeleni, khukhi wa bwana wina amene anali atangosamukira ku Area 10 kuchokera ku Zomba pa ntchito ya boma. Akazi a Lekeleniwo anali atayezetsa nkupezeka nako, ndipo ankaopa kuti bamboyo akamva awapitikitsa pamodzi ndi ana.

Malaya a kuchipatala ndinawasiya, chifukwa ukawavala ngakhale agalu amadziwa chimene wabwerera. Ndinamanga chitenje ndi duku, nkukwera minibasi pafupi ndi msika dzuwa litakwera. Kondakitala analandira K150 yanga nkundipanikiza pakati pa thumba la anyezi ndi mnyamata wa tayi amene ankateteza nsapato zake ngati mazira. Pa mlatho tinaima mpaka ndinatha chinangwa chokazinga chonse chimene ndinati ndikadye masana.

Ku City Centre ndinatsika pakati pa mabanki ndi maofesi. Kumeneko anthu amayenda mothamanga atanyamula mafayilo, ukawafunsa njira amakuyankha ali kale patali. Wa kabaza ndiye anandithandiza.

“Ku Area 10 mukukafuna ganyu, mayi?”

“Ndikukaona abale.”

“Abale anu kumeneko?” Anandiyang’ana mapazi nkuseka. Ndinakwera ndithu, koma mtima ukuwira.

Ku Area 10 kulibe munthu womufunsa. Ndi mipanda yokhayokha, ndipo manambala a nyumba anachita ngati anawamwaza ndi lichero. Titazungulira mpaka wa kabaza kuyamba kudandaula miyendo, tinalipeza geti la bwanayo. Mlonda anasuzumira pa kabowo.

“Ndikufuna a Lekeleni. Ndachokera kumudzi, ndili ndi mawu.”

Apa ndiye ndinaiphula ngozi. Mayi wa duku, nkhope yosaseka, wochokera kumudzi pakati pa sabata ndi mawu, kwathu kuno amabweretsa chinthu chimodzi basi. Mlonda anavula chipewa. Wosamalira maluwa anaponya payipi pansi madzi akutuluka. A Lekeleni anatulukira atavala epuloni, manja ali kumutu.

“Ndi mayi anga eti? Ndinalota ine, ndinalota!”

Ndisanatsegule pakamwa, adona a nyumbayo anali atafika, kupepesa m’Chingerezi, kupereka tchuthi ndi paketi ya shuga yokathandiza pa siwa. Ndikanati palibe maliro, onsewo akanafunsa kuti nanga ndabwereranji. Ndinangoweramitsa mutu ngati wamasiye, nkuwakoka bamboyo mpaka pansi pa mtengo kunja kwa mpanda.

“Bambo, sanamwalire munthu. Ndachokera kuchipatala. Pali amene anapezeka ndi kachilombo, ndipo nkofunika kuti nanunso mukayezetse.”

Kulira kunatha ngati wazimitsa wailesi. Ndinkadikira mkwiyo, kapena funso lija la masiku onse lakuti wanditchula ndani. Iwo anangokhala pansi pa udzu, nkupisa dzanja m’sokosi. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala otalikitsa moyo, kamene ndimakadziwa ngakhale mumdima.

“Ndinayamba kumwa kalekale. Kunyumba sadziwa.”

Ndinapsa mtima, sindibisa. Mayi uja anaonda ndi mantha, pamene mwamuna wake ankameza mankhwala m’khitchini ya bwana nkumanenepa. Ndinawalankhula mawu amene sanatiphunzitse ku maphunziro a uphungu. Kenako anapinda epuloni.

“Poti tchuthi andipatsa kale, ndipite ndikawauze.”

Tinabwerera limodzi, iwo atafungatira shuga wa adona. Mu minibasi milomo yawo inkangogwedera, akuyeserera mawu. Pa depoti, phazi limodzi lili kale m’basi ya kwawo, anatembenuka.

“Mayi, inu mwaona zambiri. Kodi akamva sandithawa?”

Yankho ndinali nalo lonse, koma silinali langa. M’ntchito imeneyi ndinaphunzira kuti kuyenda sikutopetsa, chotopetsa ndi kutseka pakamwa.

“Pitani, bambo. Koma mukakafika, muyambe ndinu kulankhula.”