Jekete la Malemu Gwatidzo

Takaendesa Mhembere ankakonza njinga pansi pa mtengo, kuseri kwa msika wa matimati ku Mutoko. Manja ake anali abwino, pakamwa pake ndiye ayi. Tsiku lina mowa utamukwera anaswera botolo pamutu pa kondakitala wa basi, ndipo boma, limene silinkadziwa kuti kuli munthu wotere, linamudziwa.

Pa mlandu umenewo boma linachita zinthu mwaulemu. Linabwera ndi mboni, dokotala, ngakhale zidutswa za botolo m'kathumba. Woweruza anati munthu samangidwa kukayika kusanathe. Kukayika kutatha, anamupatsa chaka cha ndende, koma n'kuchipachika kaye: apite kwawo, azisesa kuchipatala m'mawa, ndipo mowa asaukhudze. Akadzaukhudza, chakacho adzachigwira chonse.

Anasiyadi. Anzake akamalowa m'bala iye ankatsala panja ndi chikho cha mahewu, nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala a malungo.

Kenako Gwatidzo anamwalira. Ameneyu anali chidakwa cha mtima wabwino, ndipo Takaendesa ndiye anali sahwira wake, bwenzi lija limasambitsa mtembo wako n'kukunyoza pamaliro kuti olira apumeko. Anavala jekete long'ambika la malemu, anatola botolo lopanda kanthu, n'kuyamba kudzandira pakati pa anamfedwa ndendende mmene Gwatidzo ankabwerera kunyumba.

"Mai a Ruvimbo, tsegulani chitseko! Sindinamwe ine, waledzera ndi msewuwu!"

Mai a Ruvimbo, mkazi wa malemuyo, anaseka misozi ili chuchuchu. Takaendesa anagwera mu ngalande, anadzuka, anakapempha fodya kwa abusa. Nthawi imeneyo n'kuti pamsewu pakudutsa Bambo Chikwature, mkulu wa boma woyang'anira anthu a zilango zopachikidwa. Anaimitsa njinga yawo yamoto, anayang'ana, anapitirira.

Posakhalitsa Takaendesa anaitanidwa, akuti anamwa. Ulendo uno kukhothi kunalibe dokotala, kunalibe kathumba. Kunali Bambo Chikwature ndi maso awo.

"Bwana, mboni zili kuti?" anafunsa Takaendesa. "Paja ulendo uja munabwera ndi gulu."

"Uja unali mlandu," anatero woweruza. "Pano tikungofunsa. Lamulo silikufuna kuti kukayika kuthe, likungoona mbali imene yalemerako pang'ono."

"Ndende yake ndi yocheperakonso pang'ono?"

"Ndi yomweyo."

Za usahwira panalibe wofunika kumufotokozera. Woweruza anali naye wake, wapolisi wa pakhomo chimodzimodzi. Koma Bambo Chikwature ananena mofatsa kuti asahwira ambiri amayamba anyowetsa kukhosi, ndipo munthu wosamwa sangagwe bwino chonchija. M'khothi anthu anagwedeza mitu, poti mbali yoyambayo ndi yoona.

Anaitana Mai a Ruvimbo.

"Mayi, munthuyu anamwa?"

"Sindinamununkhize, bwana. Ndinali pamaliro a mwamuna wanga."

"Koma ankadzandira?"

"Kwambiri! Mpaka ndinafuna kumukalipira, kuiwala kuti mwini wake ali m'bokosi."

Mlembi analemba kuti kwambiri.

Woweruza sanali munthu woipa, ndipo ankaoneka kuti akufuna pothawira. Anavula magalasi. "Mhembere, lero sunamwe, tonse tikuona. Dzandira pano mmene unachitira tsiku lija. Ndikaona kuti umatha wopanda mowa, ukagona kwanu."

Mkazi wa Takaendesa anali pabenchi yakumbuyo, mwana kumsana. Anamuyankhula ndi maso kuti bambo inu, gwani pansi tizipita. Takaendesa anayang'ana simenti, anayang'ana Mai a Ruvimbo atavala zakuda, n'kupukusa mutu.

"Bwana, mnzanga ndinamunyoza ali pamtunda, akumva. Pano tinamukwirira, anagona. Ndimudzutse kuti adzaseketse apolisi? Mkazi wake ali apo."

"Ndikukuthandiza, iwe."

"Ndikuona, bwana. Zikomo. Koma ayi."

"Achimwene, gwani basi!" anakuwa Mai a Ruvimbo. "Gwatidzo manyazi analibe!"

"Analibe, mlamu. Ndine ndinkamusungira."

Woweruza anavalanso magalasi, anayeza mbali ziwirizo, napeza kuti ya boma yalemerako pang'ono. Anawerenga chigamulo mothamanga osadzutsa mutu. Miyezi imene Takaendesa anasesa kuchipatala anati adzaiganizira a kundende, amene amadziwika ndi kuganiza.

Wapolisi anamugwira mkono mopepesa. Takaendesa anauza mkazi wake kuti masipanala akawachotse pansi pa mtengo mvula isanayambe, ndipo pampu asabwereke munthu. Podutsa pamene panakhala Bambo Chikwature anaima.

"Akuluakulu, sahwira muli naye?"

"Ndili naye."

"Mukamuuziretu. Tsiku la maliro anulo adzayende mowongoka."