Mabowo a Atate Aakulu pa Phiko la Ndege Yathu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anandigwaditsa pa simenti chifukwa cha phiko la ndege, ndipo mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Tinkakhala ku Chelstone, mu Lusaka. Bambo ankagwira ntchito yokonza ndege za anthu ena, koma kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa shedi ya malata, ankapanga yawo ya mipando iwiri. Anthu oyandikana nafe ankaseka poyera. Ine sindinkaseka, chifukwa mpando wachiwiriwo anali atandilonjeza ine. Dzanja langa ndi lomwe linkakwana m'kati mwa phiko, choncho iwo akamakhoma riveti, kamsomali kolumikizira zitsulo, kunja, ine ndinkatsamiritsa chitsulo cholemera m'kati kuti mchira wa rivetiyo uphwatalale bwino. Manja anga ankanunkha mafuta ndi aluminiyamu ngakhale m'kalasi.

Malamulo awo ndinkawadziwa ngati katekisimu. Bowo likhale lozungulira ndi lokwana riveti yake ndendende. Lisayandikire m'mphepete mwa chitsulo, chingang'ambike. Ndipo pa mtanda waukulu umene umanyamula phiko lonse pamalowa mariveti olimba okhaokha, osati aja obowoka pakati amene amagulitsidwa m'mashopu a m'tauni.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, kunabwera Atate Aakulu a ku Kabwata, akulu awo a bambo. Iwowa ndi amene analera bambo ndi kuwaphunzitsa sukulu, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Ankagwira ntchito yomanga mabodi a mabasi ku Heavy Industrial Area. Atazungulira phiko kawiri, anavula jekete.

"Iwe Yona, ungasilize liti na kapolepole aka?" anatero kwa bambo. "Nipase dililo iyo nikuonetse mwamene timacitila ise."

Ndinayang'ana bambo, ndikudikira kuti akane. Iwo anangomwetulira, nkupereka dililo yawo yoboolera ndi manja awiri. Manja awiri! Ine ndikangoikhudza popanda chilolezo ndinkakalipiridwa tsiku lonse.

Atate Aakulu anayamba kuboola mtanda uja osayeza, osalemba, akukamba nkhani za kumudzi. Dililo inkapendekeka m'manja mwawo, mabowo nkumatuluka otalika ngati nyemba. Ena anali m'mphepete penipeni. Kenako anatulutsa m'galimoto mwawo thumba la mariveti a mabasi, obowoka pakati aja, ndi chokokera chake, nkuyamba kutseka. Kunja kunkaoneka bwino, timitu tonyezimira tili pamzere. Bambo anali chiimire, manja kumbuyo, thukuta likutsika m'khosi.

Ndinapirira mpaka pamene ndinalephera.

"Ba Tate, lekani! Mwaononga ndeke ya ba Daddy! Iyi si basi!"

Atate Aakulu anaika chokokera chija pansi mwakachetechete, nkufunsa bambo ngati ndi mmene amalerera ana m'nyumba muno. Bambo anandigwira pamkono, nkundigwaditsa pa simenti yodzaza ndi tizidutswa ta aluminiyamu, kuti ndipepese. Ndinapepesa pakamwa pokha. Mawondo anachekeka, koma chimene chinandiwawa chinali chakuti munthu amene anandiphunzitsa choonacho ndi amene ankandilanga chifukwa chochinena.

Masiku otsatira sindinawayankhule. Loweruka anandiitana kushedi, ndipo ndinapita nditatupa nkhope. Anandionetsa kachotsedwe ka riveti yolakwika: kuboola mutu wake wokha pang'onopang'ono, kuuthyola, nkukankha chotsalacho. Titachotsa onse, mabowo a Atate Aakulu anaonekera poyera. Otalika pang'ono bambo anawakulitsa mosamala kuti azungulirenso, nkukhomamo mariveti olimba okulirapo. Koma atafika pa aja a m'mphepete anangoima. Bowo lingakule, koma palibe munthu angalichepetse kapena kulisuntha.

"Apa palibe vocita," anatero motsitsa mawu. "Mtanda wonse wafa."

"Manje munaziba, ba Daddy. Nanga cifukwa ciani simunakambe?"

"Ni bakulu banga, Tisa. Banilela."

Yankho lawo linali lomwelo basi. Ndinaponya chitsulo changa pansi nkutuluka.

Aluminiyamu ya mtanda wa ndege sinkapezeka mu Lusaka, inkayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo tinadikira nthawi yaitali. Mmene inkafika, bambo anali atayamba kudwala, manja akunjenjemera moti sakanagwiranso dililo. Anamwalira ndege ili ndi phiko limodzi.

Pa maliro, Atate Aakulu anaimirira m'tenti nkuuza anthu kuti ndege ija ankapanga limodzi ndi mng'ono wawo. Anthu anagwedeza mitu. Pogawa katundu anaitenga okha, ati ndi chikumbutso, ndipo amayi analibe mphamvu zolimbana nawo. Patapita miyezi tinamva kuti anaigulitsa kwa anthu osungunula aluminiyamu. Mpando wanga wachiwiri unathera m'mapoto a pamsika.

Amati mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndagonera zaka zambiri ndipo sanakomebe. Atate Aakulu sindiwakwiyira kwambiri tsopano, chifukwa iwo ankakhulupirira kuti akuthandiza, ndipo palibe anawauza asanayambe. Amene ndimalimbana nawo mumtima ndi bambo anga, amene ndinkawakonda koposa. Ankadziwa malamulo onse a chitsulo, ndipo sakanalola kuti mwana wawo auluke pa phiko lobisa mabowo oipa. Koma analephera kunena mawu ochepa, aulemu ndithu, pa nthawi imene akulu awo anatambasula dzanja.

Chimene ndamvetsa nditakula n'chakuti nthawi yokana ndi imeneyo, dililo isanakhudze chitsulo. Ikangolowa, ngakhale ukuwe bwanji, chotsala ndi kukulitsa bowo kapena kutaya mtanda. Ana anga amadziwa kugwada popereka moni kwa akulu, ndipo ndimanyadira. Koma ndinawaphunzitsanso kuti wamkulu akapempha chinthu chimene angachiononge, amuuze akadali chogwada kuti, "Pepani, ichi ayi."

Chitsulo changa chotsamiritsa chija ndinachibisa tsiku logawa katundu, ndipo ndili nachobe. Ndi chokhacho chimene chinatsala pa ndege yathu, chifukwa ndi chokhacho chimene palibe anachipereka ndi manja awiri.